Nkhoswe Yomalizira Anthu Mawu

A Wyson Mulepa anabadwira kwa Chiwalo, koma zaka zambiri za moyo wawo anazidyera kwa Jenala, kuchikamwini. Anali munthu wamfupi, wachangu, wa makutu akuluakulu. Makutuwo ankangokometsa mutu. Ntchito yomvera ankaigwira ndi pakamwa.

Zinayamba ali mwana. Mng'ono wawo Tobias anali wachibwibwi. Awiriwa akatumidwa kukapempha kanthu, Tobias ankaima pakhomo la eni ake n'kuyamba, "Amayi akuti mu-mu-mu..." ndipo mkulu wake, ali kumbuyo, ankaponya: "Mutigawireko mchere." Eni nyumba ankaseka, mchere n'kutuluka, ana n'kubwerera msanga. Mudzi wonse unkati mwanayu ndi wochenjera. Palibe amene anaganiza zofunsa Tobias ngati zikumukomera.

Atakula anakathyola tiyi ku Mulanje zaka zinayi. Kumeneko kapitawo akangoyamba kuti, "Iwe, mzere wako..." a Wyson anali atayankha kale: "Ndasiya masamba ambiri, bwana, ndibwereza." Kapitawo ankasowa chotukwanira, n'kupita kukatukwana wina.

Mu 1966 anakwatira a Lenia, namanga nyumba pamudzi pa mkaziyo monga mwa mwambo. Minda inali ya a Lenia. Mitengo ya mango inali ya a Lenia. Ana, malinga ndi mwambo womwewo, anali a kuchikazi. Za a Wyson zinali njinga, wailesi, ndi mawu onse olankhulidwa pakhomopo.

Ntchito imene anatchuka nayo ndi unkhoswe. Ankhoswe ena nkhani ya banja ankaigwira kuyambira m'mawa mpaka nkhuku kulowa m'khola. A Wyson ankaimaliza tiyi asanazizire. Tsiku lina mwana wa mlongo wawo, Julius, anabwera ndi mkazi wake, onse nkhope zili ndwii.

"Atsibweni," anayamba Julius, "ine ndikabwera kumunda ndimapeza..."

"Sanaphike."

"Eya."

"Nanga inu mayi? Bamboyu akatenga nandolo kupita naye kumsika..."

"Ama..."

"Amabwera ndi fungo la kachasu, thumba lili pululu. Ndamva. Iwe Julius, nandolo azikagulitsa mkazi wako. Inu mayi, muziphika. Nyamukani, dzuwa likadalipo, mukapalire."

Awiriwo ananyamuka akuyang'anizana, osadziwa ngati akanganadi kapena ayi. Banjalo lilipobe mpaka lero.

Anthu ankawakondanso pa chifukwa china. Pali mawu amene munthu wamkulu sangawatulutse pagulu. Mayi ankatha kuwerama, chala chikulemba pansi, n'kunena chapansipansi, "Bambowa kuchipinda..." n'kukakamira pomwepo. A Wyson ankamaliza. Mayiyo ankangogwedeza mutu, manyazi onse n'kugwera pa a Wyson, amene analibe nawo ntchito.

Luso lawoli ankalifotokoza pabawo, pakhonde la golosale ya a Howard, kwa aliyense amene sanathe kuthawa.

"Mutu sudikira khutu," ankatero. "Khutu likamanyamula mawu achitatu, mutu wakhala kale pa achinayi. Ndikati mvula ikagwa tikabzala, inu chimanga mwachiona kale. Ndikachitchula, mawuwo amangodutsa ngati njinga panjira yake, simuwamva n'komwe. N'chifukwa chake anthu amagona m'tchalitchi. Si ulesi ayi. Mutu wafika kale pa Ameni, ukudikira abusa."

Kenako ankasonyeza mbali inayo. Ankadikira kuti a Howard atole nkhomo m'dzenje n'kuyamba kugawa, ndiye ankanena ngati akucheza chabe:

"A Howard, m'mawa uja ndadya mbatata ndi tiyi wothira simenti."

Dzanja la a Howard linkaima m'malere. Maso ankaphethira kawiri. Pakamwa pankatseguka pang'ono. Kenako: "Mwati wothira chiyani?"

"Mwaona? Mawu mwawamva bwinobwino, palibe achilendo. Koma mutu unali utapita kale kukatenga shuga. Panopa ukubwerera chothamanga."

Pofika apo a Howard anali ataiwala dzenje limene analekezera. A Wyson anapambana bawo wambiri mwa njira imeneyi.

Zipani zitachuluka, mu 1994, anapeza sukulu yatsopano. Pamsonkhano uliwonse ankaima kutsogolo, manja kumbuyo. Wandale akakuwa kuti, "Mukativotera tidzakumangirani..." a Wyson ankamuthandiza: "Mlatho!" Wa chipani china akabwera sabata yotsatira, ndi nsalu ya mtundu wina, "Ana anu sadzagonanso ndi..." "Njala!" Anyamata a chipani anawapempha kangapo kuti aziima kumbuyo. Mwa onse amene analankhula chaka chimenecho, a Wyson ankakumbukira mmodzi yekha, mphunzitsi wopuma ntchito amene anati, "Mukandisankha, sindikudziwa ngati ndidzathe kanthu." Sanapambane. Koma mawu ake okha ndi amene anatsala m'mutu. Ena onse anadutsa ngati madzi m'lichero.

Zonsezi a Wyson ankazidziwa za anthu ena. Sanaganizepo kuti tsiku lina dzanja loima m'malere lidzakhala lawo.

A Lenia anali aatali, ofatsa, olankhula ngati munthu wosankha mpunga: kutola liwu, kuliyang'ana, kuliika pambali, kutola lina. Pakati pa chiganizo ankapuma. Mpumulo umenewo kwa a Wyson unali ngati chitseko chosiyidwa pululu.

"Mbuzi yaikazi ija..."

"Tigulitse. Inenso ndaiona, yayamba ulesi."

Mbuzi inagulitsidwa. Inali ndi bere, ndipo n'zimene a Lenia ankafuna kunena. Inakaswera kwa wogula, ana awiri.

"Mukapita ku Phalombe mukandigulire..."

"Sopo."

M'dengu la kuchipinda munadzaza sopo. Singano ankabwereka kwa anzawo.

Wina angafunse kuti bwanji sankawadula mawu amuna awo. A Lenia analeredwa kuti munthu akamalankhula umadikira amalize. Vuto linali loti a Wyson sankamaliza. Komanso, kunena zoona, pa zinthu khumi, zisanu ndi ziwiri ankalondola. Zitatu zotsalazo zinali za mbuzi ndi singano. Munthu suthetsa banja chifukwa cha singano. Zaka makumi atatu zinatha choncho.

Mu Ogasiti 1997 mwana wawo Eveles anabwera kuchokera ku Limbe. Mwamuna wake anali atamwalira, achibale a mwamunayo atasesa m'nyumba. Anatsika minibasi ndi beseni, miphika iwiri ndi ana atatu. Analowa m'kanyumba kakale ka agogo ake. Chimene analibe ndi munda.

A Lenia anali ndi minda iwiri. Wa pakhomo ndiwo unkadyetsa banja. Wa kuchulu, umene anasiyiridwa ndi amayi awo, unali wachonde, ndipo m'maganizo mwawo unali kale wa Eveles. Chinatsala ndi kuwauza abambo a pakhomo, mwaulemu. Anasankha m'mawa wina akusenda chinangwa cha makaka pakhonde, a Wyson akupopa njinga.

"A bambo a Eveles, munda wa kuchulu uja, chaka chino ndimati..."

Anapuma, kufuna liwu loyenera.

Nthawi imeneyo kwa Jenala kunalibe nkhani ina koma fodya. Alimi wamba anali ataloledwa kulima fodya wa bale, amene kale anali wa maesiteti okha. A Howard anali wapampando wa kalabu, ndipo nyumba yawo inali itavala malata. A Wyson ankadutsa pamenepo tsiku lililonse, malatawo n'kumawathobwa m'maso.

"Tibzalemo fodya!" anatero, pampu ikugwa pansi. "Mayi, mwandilowa m'mutu. Ndimaopa kuti mukana. Ndikalembetse kwa a Howard pompano."

A Lenia asanaike mpeni pansi, njinga inali itakhota pamtengo wa mango.

Mutu umathamangira kumene unazolowera, inde. Umathamangiranso kumene ukufuna. Mbali imeneyi a Wyson pabawo sankaitchula.

A Lenia anayesanso patapita masiku.

"Mwanayu Eveles..."

"Atithandiza kusoka fodya. Manja achuluka, Mulungu ndi wabwino."

Anayesa kachitatu, nthawi ino molimba mtima.

"Ine sindinanene kuti..."

"Tibzale munda wonse? Wonse, mayi, musaope. Fodya safuna mantha."

Eveles nayenso anayesa. "Ababa, nanga ine ndikalima..." "Ukalima nafe, mwana wanga, usadandaule." Ndipo anamusisita paphewa, chifukwa ankamukondadi.

Pofika Okutobala nazale inali itabiriwira kudimba, mbande zikuthiriridwa m'mawa ndi madzulo. Mitengo ya chigafa inali itaimikidwa. Mizere kuchulu inali itaungidwa, yoongoka ngati ya mlangizi. Mitambo inayamba kusonkhana pamwamba pa phiri la Michesi. Eveles anauza amayi ake kuti mvula ikagwa iye alibe pobzala, abwerera ku Limbe kukafuna ntchito ya m'nyumba, ana awasiye. Sangakhale chaka chonse akudya m'manja mwa makolo, iye mayi wa ana atatu.

A Lenia anasiya kulankhula. A Wyson anazindikira patapita masiku anayi, chifukwa masiku atatu oyambawo ankafunsa okha n'kudziyankha okha.

Lachitatu m'mawa kunabwera a Laston, mlongo wa a Lenia, amenenso anali nkhoswe wawo wa kuchikazi. Ankawadziwa bwino alamu awo, choncho anakoka mpweya wambiri n'kunena zonse osasiya mpata:

"Alamu Loweruka m'mawa mubwere kwathu pamodzi ndi nkhoswe wanu achemwali adandaula nkhani ndi ya banja lanu lomweli tsalani bwino."

Anatembenuka n'kumapita.

A Wyson anakhala pampando. Sanafunse a Lenia kuti kwagwanji. Kufunsa sichinali chizolowezi chawo, ndiponso yankho anali nalo kale. Milandu yotere anaiona yambiri. Mtsikana akaitana ankhoswe amafuna malangizo. Mayi wa zidzukulu akaitana ankhoswe safuna malangizo. Amafuna mkamwini anyamule zake. Ankadziwa ngakhale mawu ake: ndatopa nawo, abwerere kwawo. Iwo eni anawamalizira amayi angapo mawu amenewo.

Nanga kwawo kunali kuti? Kwa Chiwalo makolo anamwalira kalekale. Minda inali m'manja mwa alongo awo ndi ana a alongowo. Munthu wa zaka makumi asanu ndi zisanu ndi chimodzi akafika ndi bulangeti pakaliyala, amamupatsa mpando, amamupatsa madzi, kenako amayamba kumufunsa kuti abwerera liti. Analingalira zimenezi masiku awiri, akuthirira mbande zimene sankadziwa ngati adzaziwokera.

Chinthu chimodzi anatsimikiza: sadzauzidwa kawiri. Loweruka m'mawa, a Lenia atatsogola kale, anasonkhanitsa bulangeti, jekete, malaya awiri ndi wailesi, anazikulunga mtolo, namangirira pakaliyala ndi chingwe cha mphira. Akangomva mawuwo, adzaimirira, kutsanzika mwaulemu, n'kupalasa molunjika kwa Chiwalo. Anthu adzanene zina, koma asadzati anamukoka.

Kwa a Laston anapeza mphasa itayalidwa pansi pa mtengo wa mango. A Lenia anakhala mbali imodzi, miyendo atatambasula. A Tobias, nkhoswe wa kuchimuna, anali atafika kale pa njinga yakabaza, tsopano mutu uli mbuu. A Wyson anatsamiritsa njinga kuseri kwa nkhokwe, nakhala pa mpando umene anawalozera. Kanali koyamba kukhala mbali imeneyo ya mphasa.

A Laston analowa m'nyumba n'kutuluka ndi nzimbe yaitali kuposa alamu awo.

"Alamu, idyani nzimbe."

"Zikomo, ndamwa kale tiyi. Tiyeni tingoyamba, nkhaniyi ndikui..."

"Idyani. Achemwali akamalankhula, inu mukhale mukutafuna. Ikatha, ina ilipo. Ndadula zitatu."

A Tobias anaseka mpaka kutsokomola. "A-a-achimwene, nzimbeyi i-i-ikana..."

A Wyson anatsegula pakamwa. A Laston analoza nzimbe. A Wyson analuma.

"...ikanabwera ndi-ndili mwana," anamaliza a Tobias, nakhala tsonga ngati munthu amene wawoloka mtsinje yekha koyamba.

"Achemwali, bwalo ndi lanu," anatero a Laston. "Musafulumire. Dzuwa ndi lathu."

A Lenia anakonza mpango kumutu. Anayang'ana zala za kumapazi kwawo.

"Ine bambowa..."

Ndatopa nawo, unatero mutu wa a Wyson. Mano analowa mu nzimbe mpaka nsagwada kulira.

"...ndakhala nawo zaka makumi atatu ndi chimodzi. Sanandimenyepo. Munda wa kuchulu uja..."

Anapuma. Nkhuku inadutsa pamphasa, inaima, inapitirira. A Wyson anatafuna. Sanadziwe kuti mpata wa pakati pa mawu ungatalike chotere munthu akausiya.

"...ndinkafuna kumupatsa Eveles. Za fodya sindinanenepo ine."

Nsagwada zinaima pang'ono. Eveles? Anabwerera m'maganizo pakhonde paja, pampu ili m'manja. Anafunafuna pamene mkazi wawo anatchula fodya. Anapeza mawu awo okha. Chabwino. Ndiye nkhani ndi ya munda. Mutu unadzuka, unadzikuntha fumbi, n'kuthamanganso: abweze munda wanga, azule fodya wawoyo, anyamuke. Anayang'ana chakunkhokwe kumene kunali njinga.

"Koma poti mbande zamera kale," anapitiriza a Lenia, "ndipo bambowa avutika nazo, ine munda..."

Ndilanda.

"...sindilanda. Alime fodya wawo. Ineyo..."

Ndawasiya. Ndi pamenepa. A Wyson anaika phazi bwino kuti aimirire.

"...ndinyamuka lero lomwe ndi alamu anga a Tobias, ndipite kwa Chiwalo. Ndikagwade kwa alongo awo a bambowa, ndikapemphe kamunda koti mwana wa mchimwene wawo alimepo. Akandifunsa, ndikanena kuti kwa Jenala munda ulipo, koma mkamwini wabzalamo fodya. Ndatha."

Liwu lililonse analimva. Panalibe lachilendo, panalibe la Chingerezi, a Lenia sananong'one. Koma mawuwo anafika n'kupeza m'nyumba mulibe munthu. Mutu unali kale pamsewu wa kwa Chiwalo, wokha, ndi bulangeti pakaliyala. Tsopano unapeza pamsewu womwewo pali mkazi wawo, ali patsogolo, ndipo sunadziwe kuti wachokera kuti. Phazi linatsala pamene analiika. Maso anaphethira kawiri. Madzi a nzimbe anatsika pachibwano n'kudonthera pa thalauza la ku tchalitchi.

Analavula zotafunazo m'dzanja.

"Mwati bwanji, mayi?"

"Alamu a Tobias, mwamva?" anatero a Laston. "Afunsa. Tsikuli mukalinene kwanu."

A Lenia anabwereza. Sanachotsepo liwu ngakhale limodzi, ndipo mipumulo yonse anaibwezera m'malo mwake. Ulendo uno a Wyson sanafune nzimbe. Anamvetsera ngati munthu woyenda njira yachilendo, kuponda apa, kuyang'ana, kuponda apo. Ndipo chithunzi chinabwera chonse. Mayi mwini nthaka, wobadwira pamudzi pake, atagwada pakhomo la akuchimuna kupempha munda wa mwana wake. Zoterezi sizinamvekepo. Alongo awo akanamupatsa mundawo, ndithu akanamupatsa, kenako akanaiyendetsa nkhaniyo pachitsime, kuchigayo, kutchalitchi, kumaliro aliwonse mpaka iwo eni kumwalira. Wyson uja, woweruza mabanja a anthu, analanda mwana wake wamasiye munda kuti agule malata. Kuthamangitsidwa kukanapepuka. Wothamangitsidwa anthu amamumvera chisoni.

Ndipo kuseri kwa manyaziwo kunali Eveles, ndi beseni lake, akukwera minibasi ya ku Limbe. Mwanayo anayesa kunena. Anamusisita paphewa.

"Mundawo..." anayamba a Wyson.

Anaima. Mawu otsatira anali olemera, ndipo mwachizolowezi cha bwalo lililonse limene anakhalapo, apa ndi pamene wina ankathandiza. Anayang'ana a Laston. A Laston ankayang'ana masamba a mango. Anayang'ana a Tobias. A Tobias anapinda manja pachifuwa, nkhope ili ngwee, osafulumira konse. A Lenia ankadikira monga analeredwera.

Panalibe wowamalizira. Pamudzi ponse munthu wa ntchito imeneyo anali mmodzi.

"Mundawo ndi wa Eveles," anatero. "Mizere ilipo kale, angobzala. Mbande ndikapereka kwa a Howard. Kwa Chiwalo musapite, mayi." Anatembenukira kwa a Lenia. "Ndinalakwa."

Liwu lomalizali analinenera amuna ena kosawerengeka. Sanadziwe kuti mwini wake akalinyamula yekha limalemera ngati thumba la feteleza.

"Achemwali, mwamva?" anafunsa a Laston.

"Ndamva."

"Nanga za banja, pali china?"

A Lenia anadabwa. "Banja latani?"

"Basi, tathana." A Laston anaimirira kuti apinde mphasa, ndipo ndi pamene anaona kuseri kwa nkhokwe. Anapita, anaizungulira njingayo, anagogoda mtolo ndi chala. Wailesi inatulukira ngodya.

"Alamu, katunduyu ndi wa ulendo wa kuti?"

"Ndimati bulangetilo lipitidweko mphepo."

"Ndi wailesi yomwe?"

"Nayonso."

A Tobias anagwa chagada pamphasa. Anayesa kunena kanthu, chibwibwi ndi phwete zinalimbana pakhosi, ndipo palibe amene anadziwa chimene ankafuna kunena, chifukwa amene akanadziwa anali atatseka pakamwa.

Mvula inagwa pakati pa Novembala. Eveles anabzala chimanga ndi nandolo pamizere ya fodya ija, ndipo ku Limbe sanabwerere. Chigafa chinasanduka khola la mbuzi. A Howard analandira mbande, nanena kuti munthu wotere sayenera kulowanso m'kalabu. Malata anabwera patatha zaka zisanu ndi chimodzi, ogulidwa ndi nandolo.

Tisanamizane kuti a Wyson anasinthiratu. Munthu wa msinkhu umenewo sasintha, amangochepetsa. Pabawo anapitiriza. Pamisonkhano ya chisankho chotsatira anapitiriza. Koma pa unkhoswe anayamba kudikira, ndipo milandu yawo inayamba kufika masana ngati ya anzawo. Anthu ena anadandaula kuti akalamba. Ena anapeza kuti zimene ankabwera nazo sizinali za kuphika kapena za kachasu, ndipo anadabwa kuzimva zikutuluka pakamwa pawo.

Tsiku la mlandulo anabwerera kunyumba wapansi. A Lenia anali patsogolo, a Wyson pambuyo akukankha njinga ndi mtolo wake, anthu a m'njira akuyang'ana mtolowo n'kupereka moni wautali kuposa masiku onse. Atadutsa pachigayo, a Lenia analankhula osatembenuka.

"A bambo a Eveles, katundu wanuyo..."

Mayankho atatu anafika pamilomo nthawi imodzi. A Wyson anagwira mahandulo mwamphamvu, nayang'ana tayala lakutsogolo. Anayenda mapazi khumi. Anayenda ena khumi.

"...mwakulungira m'chitenje changa cha ku Mvano. Mukanapita nacho, ndikanakutsatani."